Tsiku Limene Ndinasaina Ndekha pa Foni

Anzanga omvera, ndine mayi wamasiye wa ku Kabwata. Malemu amuna anga ndiwo ankandisainira mapepala, poti sukulu sindinapite nayo patali. Gulu lathu la amayi osoka litayamba kusaina mapangano pa foni, ndinaopa kuti andichotsa pa utsogoleri.

Alamu anga anati, "Ba mulamu, nipatseni chabe nambala yanu yachinsinsi, nizikusainilani."

Koma gulu linali litatiphunzitsa mmodzimmodzi kuti nambalayo sabwereketsa, ngakhale kwa m'bale. Ndinawakanira mwaulemu.

Pa tsiku la pangano losoka mayunifolomu, ndinasaina ndekha ndi nambala yangayo, amayi anzanga n'kuyamba kululutira!

Inu otsogolera mabungwe, yambani mwakhala nafe pansi. Timamva ndithu, bola mutiphunzitse modekha.