Mikungudza Yosamalidwa Ngati Fodya

Chaka chachiwiri cha matipate, a Alexio Kamphinda, mwini esiteti ya fodya ku Msakambewa, munthu amene anayamba ndi kugulitsa mchere panjinga mpaka kukadyera foloko ku Joni, anabwerera kwawo atatha miyezi isanu ndi itatu ali ku malonda. Asanavule n'komwe jekete, anaitana tenanti wawo Samueli, amene anamusiyira mbande mazana awiri za mkungudza zochokera ku Nyika, zoti zigwire nthaka paphiri ndi kudzutsa kasupe amene anaphwa.

"Samueli! Mitengo yanga ija yafika pati? M'chiuno? Ku Kenya ya mtundu womwewu ndinaiona ndi maso angawa, yobiriwira ngakhale dzuwa liswe mtengo!"

"Ndinaisamala, bwana. Ngati fodya, monga munanenera."

"Eya! Ndinaterodi. Simba, ndimve kukoma."

"Nditawokera ndinabandira, feteleza kawiri. Itafika m'mawondo ndinaithena."

A Kamphinda anasiya kudzipepesa ndi chipewa. "Unaitani?"

"Kudula nsonga, bwana. Kuti masamba akule."

"Nsonga ya mkungudza! Iwe, mtengo ungakwere kumwamba ulibe mutu?"

"Sindinaufunse, bwana. Komatu masambawo sanakule. Tating'onoting'ono ngati singano. Pothyola tinavutika zedi, ine ndi mayi akunyumba."

"Pothyola?"

"Kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba. Kusokeka ndiye anakaniratu, tinangomanga timitolo n'kupachika m'chigafa. Fungo lokha ndi labwino, koma ku okushoni kaya atipatsa giredi yanji."

"Okushoni! Mayo ine! Ndayenda maiko asanu, ndakwera ndege kawiri, koma zoterezi sindinazione. Mtengo umenewu ntchito yake ndi kuima basi! Mizu igwire dothi, mvula ilowe pansi, mbalame zidye tizipatso take, amayi a pano aleke kulawirira kudambo ndi ndowa. Tiye ukandionetse zotsalazo. Ziphukira."

Samueli anakanda kumutu. "Ziphukira bwanji, bwana? Lamulo la alangizi mukulidziwa. Fodya akatha, mapesi azulidwe n'kutenthedwa, kuopa matenda."

A Kamphinda anakhala pansi pang'onopang'ono, osayang'ana n'komwe ngati pali mpando. Panalibe.

"Wazula?"

"Nthawi yake isanapitirire, bwana. Alangizi anandiyamikira."

"Yonse?"

"Aaa, bwana, ine si mwana pa fodya. Ndinasiyako khumi ndi iwiri ya mbewu. Imeneyo sindinaithene, sindinaithyole."

Bwanayo anadzambatuka fumbi lili kumbuyo kwa thalauza. "Khumi ndi iwiri! Ukuona? Ine posankha munthu sindiphonya! Nkhalango za ku Ulaya zinayamba ndi yochepa kuposa pamenepa. Tsono tchera khutu. Za fodya uiwale. Imeneyi ndi mitengo yachilengedwe. Uziichita monga timachitira ndi mitengo ya m'tchire. Wamva?"

"Ya m'tchire, bwana?"

"Ya m'tchire!"

"Mukunenetsa?"

"Kodi ndikulankhula Chifalansa?"

Samueli anagwedeza mutu mwaulemu, analowa m'chigafa, n'kutulukamo nkhwangwa ili paphewa.

"Nanga imeneyo n'njachiyani?"

"Ya m'tchire inali paphiri paja, bwana, munati boma lasintha, palibenso wotiletsa, ndigwetse yonse timangire zigafa. Kasupe anaphwa chaka chomwecho." Anayesa kuthwa kwa nkhwangwa ndi chala. "Ndiyambe lero, kapena tiidikire ikuleko kaye?"