Nambala 40718, Imene Bambo Gizaw Anaifunafuna

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1951 kuno ku Dire Dawa, kwa Bambo Belayneh ndi Mayi Askale, ndipo anawatcha Gizaw. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Shiferaw Mengesha, mlamu wawo. Abale andisankha chifukwa ndine wamkulu amene ndatsala. Akanandifunsa ndikanati asankhe wina, ndipo chifukwa chake muchimva.

Malemu anaphunzira kuwerenga pa tchalitchi chathu cha kuno, kenako analowa sukulu mpaka sitandade sikisi. Mu 1966 anayamba kuphunzira kukonza mawotchi kwa Bambo Hagop, a ku Armenia, amene anali ndi kasitolo pafupi ndi siteshoni ya sitima. Mu 1975 anatsegula malo awoawo. Pa 22 Januwale 1978 anakwatira mlongo wanga, Mayi Tiruwork, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu.

Bambo athu, a Mengesha, anagwira ntchito zaka makumi atatu m'sitima ya pamtunda yopita ku Djibouti. Atamwalira mu 1986 anandisiyira wotchi yawo ya m'thumba, ya chigoba chasiliva. Ndili mwana ankanditsegulira kumbuyo kwake kuti ndione makina, achikasu, ojambulidwa maluwa ang'onoang'ono. Mu 1987 wotchiyo inaima, ndipo ndinaisiya kwa alamu anga. Nditapita kukaitenga anandiuza kuti, "Alamu, makina awa si a chigoba ichi. Pachigoba palembedwa 40718, pamakina pali nambala ina." Ndinayang'ana. Makinawo anali otuwa, opanda duwa ngakhale limodzi.

Wotchiyo inali itagona kwawo masiku asanu. Ndinanena pamaso pa banja lonse kuti achotsa makina abwino aja n'kuikamo achabechabe. Amayi athu anati, "Tinkati tapeza mkamwini, kani ndi fisi, wadya za m'kati n'kutisiyira chikopa." Dzinalo linawakakamira. Ambiri a inu munawatchulapo Fisi, ena mosadziwa n'komwe kumene linachokera. Malemu anangoyankha kuti, "Nambala sinama. Ndidzawapeza."

Kuyambira chaka chimenecho anayamba kusonkhanitsa makina a mawotchi akale. Osula golide akasungunula zigoba ankataya makina, ndipo iwo ankapita kukatola, kuno, ku Harar, mpaka ku Addis Ababa. Ankaika kagalasi padiso n'kukuuzani ngati makinawo anapangidwa ku Mangalande kapena ku Switzerland, ndiponso zaka zake. Aliwonse ankawakulunga m'pepala lake n'kulembapo nambala. Anafika mazana asanu ndi limodzi. Koma zimenezi zinangowonjezera nkhani. Anthu akasuzumira m'sitolo ankati, "A Gizaw, mawotchi amaliseche onsewa zovala zake munapita nazo kuti?" Ena akabweretsa wotchi ankaima pomwepo mpaka ithe kukonzedwa. Malemu sanadandaule. Anangosuntha tebulo lawo n'kuliika pawindo kuti aliyense wodutsa aziona manja awo.

Amayi athu sanawapatsenso moni mpaka anamwalira mu 1999. M'zaka zonsezo, Loweruka lililonse pakhomo pa amayi pankapezeka kathumba ka khofi wosakazinga. Madzi akasowa m'mipopi, chigubu chinkapezeka chodzaza m'mawa. Magalasi a amayi akathyoka, mlongo wanga ankawatenga n'kubwera nawo tsiku lomwelo atalumikizidwa, osanena amene walumikiza. Ine ndinkaziona, ndipo ndinkadziwa kuti zikuchokera kwa alamu anga. Ndinkati ndi mtima ukuwatsutsa.

Mu Novembala 2023 malemu anayamba kudwala mtima ndipo anasiya kupita kusitolo. Mwana wawo Yodit, amene anaphunzira ntchitoyi kwa iwo, ndiye ankawabweretsera makina kunyumba. Mu Januwale chaka chino kunabwera thumba la makina kuchokera kwa wosula golide wina wa ku Harar. Pa 2 Febuluwale anandiitanitsa, n'kunena kuti ndibwere ndi chigoba chija. Anakana kuchigwira. Anati, "Werengani nokha, alamu, manja anga ali apa." Makina anali pa mbale, achikasu, maluwa ake atada. Ndinawerenga 40718.

Kenako anandipatsa kagalasi kuti ndione m'mphepete. Panali kamtanda kolembedwa ndi singano, ndi chaka, 1974. Anati chimenecho chinali chizindikiro cha wokonza mawotchi wina wa ku Djibouti, chimene ankaika pa makina amene wachotsa m'chigoba n'kusunga. Ngati zili choncho, makinawo anachoka malemu asanalowe m'banja lathu. Kaya bambo anawagulitsa okha pa nthawi ya mavuto, kaya anawabera, zimenezo tazisiya kwa Mulungu.

Sindikubisirani. Dzulo mu tenti muno ndinamva wina akunong'ona kuti, "Anali nawo m'nyumba zaka zonsezi, angoopa kufa nawo." Sindimutchula, chifukwa nanenso ndinaganiza zomwezo tsiku lija pobwerera kwathu. Kamtanda kotere aliyense wokhala ndi singano akhoza kukalemba. Wa ku Djibouti uja anamwalira kalekale, ndipo munthu yekhayo amene ankadziwa kuwerenga zizindikirozi ndi amene agona apawa. Umboni wina kulibe.

Malemu anatisiya pa 19 Febuluwale 2024, ali ndi zaka 72. Ndapemphera masiku onsewa. Zizindikiro za pamakina sindizidziwa, koma khofi uja ndi chigubu chija ndinaziona ndi maso anga zaka khumi ndi ziwiri, ndipo sanabwerepo kudzafunsa ngati taziona. Mawu aja ndinawanena pagulu, choncho ndiwabweza pagulu. Alamu anga sanabe. Dzina lija lisamvekenso, ndapota nanu.

Asiya mkazi wawo, Mayi Tiruwork, ana atatu, Yodit, Endale ndi Fikirte, ndi adzukulu asanu ndi awiri. Tikuthokoza ansembe athu, anamwino amene anawasamalira, a bungwe lathu la maliro amene amanga tenti ndi kubweretsa mipando, amayi amene akhala akuphika mkate wathu wa injera kuyambira dzana, ndi osula golide amene atseka masitolo awo lero.

Yodit anabwezera makina aja m'chigoba chake dzulo masana. Wotchi ili m'thumba langa muno, ikuyenda, ndipo nthawi yonyamukira kumanda ndiiwerenga pamenepo. Bambo Gizaw Belayneh, alamu anga, Mulungu akulandireni, muuse mumtendere.