Lole ya Tiyi pa Goliati

Loweruka lina mu 1934, lole ya tiyi inaima pamsika wa Goliati injini ikuphulikaphulika. Bambo wina wosaona, amene anakhala yekha pamwala, anaitana dalaivala.

"Achimwene, kuphulikako kukuchokera kukabuleta, eti?"

"Eya, bambo. Mwina petulo ali ndi madzi."

"Iyayi, ikanangotsokomola n'kuzima. Valavu imodzi siikutseka bwino, ndiye moto ukubwerera kolowera mpweya. Muone sipulingi yake, mwina yathyoka."

"Mwadziwa bwanji?"

"Lole imeneyi ndinaiyendetsa zaka zisanu, maso asanafe."

"Kodi ndinu a Fabiano? Kuesiteti amati munabwerera kwanu kwa Apwitikizi."

"Kwathuko kulibenso wondidziwa. Ndimabwera pano kudzaimva ikamadutsa."

"Ndikawauze anzanu kuti mulipo?"

"Asiyeni, ali ndi ntchito. Inu muzingoliza hutala mukafika pano."