Alamu Inalira Kamodzi, Mbande N'kufota

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine uja munkandiloza chala pamsika kuti ndaphera anthu fodya, ndiye lero mundimve.

Kalabu yathu ya alimi kumapiri a Ntchisi kuno ili ndi nazale imodzi ya fodya ya mabanja onse. Chaka chatha ndinalumikiza pampu ya sola ku kakompyuta kakang'ono ngati chikhatho, n'kuikapo kawotchi kokhala ndi batire lakelake. Ndinatchera alamu yoti m'mawa uliwonse wotchiyo izidzutsa kompyuta, madzi azituluka okha.

Tsiku loyamba madzi anatuluka, anthu n'kuwomba m'manja. Ine ndinapita kumaliro ku Mvera masiku atatu. Pobwera ndinapeza mbande zitagona, dothi lili gwa! Alamu inalira tsiku limodzi lokhalo basi.

A Chimphonda, tcheyamani wathu, anandikalipira pamaso pa mkazi wanga. "Sukulu yanuyo tidye? Mukonze pofika Loweruka, apo ayi banja lanu lisalandire mbande ndi imodzi yomwe!"

Sindibisa, ndinawada anthu amenewa. Masiku atatu onsewo palibe anakasuzumirako kunazale, koma pakamwa pokha ndiye akatswiri. Ndinasintha mawaya, ndinasintha batire, osatheka. Ndinagwada pambali pa bedi la mbande louma n'kunena kuti, "Ambuye, ndionetseni pomwe ndalakwa, ana anga angagone ndi njala."

Lachisanu ndinatengera kakompyutako ku Mponela kwa Mayi Nachisale okonza mafoni, omwe kale ndinkawaderera. Anawerenga pulogalamu ya malangizo yomwe ndinalemba m'kakompyutamo n'kuseka.

"Achimwene, alamu ikalira, wotchi imasiya chizindikiro mkati mwake. Mukapanda kuchifufuta, kompyuta siimvanso kulira kwa mawa."

Mu pulogalamumo munkasowa mzere umodzi wokha wofufuta chizindikirocho, abale! Anaulemba iwo, ine manyazi ali tho.

Loweruka madzi anatuluka, Lamulungunso anatuluka. Mbande zambiri zinadzuka, koma bedi limodzi linaferatu, ndipo pogawana anthu ojijirika aja anakankhira lomwelo kwa ine. Madzulo ake amayi awiri amasiye a m'kalabumo anafika pakhomo ndi mabeseni a mbande zochotsa pa gawo lawo, ndipo munda wanga wonse unadzalidwa.

A Chimphonda sanapepese mpaka lero, Mulungu ndiye adziwa nawo. Ine ndikuthokoza Ambuye amene anandiyankha kudzera mwa anthu omwe sindinkawawerengera. Inu amene akukunyozani lero, musaleke kupemphera, ndipo musachite manyazi kukafunsa.