Mayi Freda Mossop ndi Chikho cha 1961

Malemu mayi athu Freda Mossop anabadwa pa 14 Febuluwale 1939 konkuno ku Skelgarth, m'nyumba yachitatu pamzere wa nyumba za mgodi wa malasha, kubanja la bambo Isaac ndi mayi Annie Fearon. Abusa, achibale, akuluakulu a komiti ya ragibi ya chigawo chathu, osewera akale ndi atsopano, ndi inu nonse mwadzaza tchalitchi chino mpaka pakhomo, landirani ulemu wanga. Ine ndine Keith Birkett, mkamwini pabanjali, mwamuna wa a Lorraine. Malemu eniakewo ndi amene anandisankha ali m'chipatala kuti ndidzawerenge mbiriyi, amvekere mkamwini wa ku Aldby akhaleko ndi ntchito tsiku limodzi. Ndiye musandiyang'ane choncho anthu a ku Skelgarth, sindinadzitume.

Ndineneretu chimene apongozi anga analimbana nacho kwa zaka 63, kuti zonse ndiwerengezi muzimva bwino. Ankafuna kuti dzina la amuna awo ndi la timu ya mudzi uno libwerere pamndandanda wa opambana Chikho cha Chigawo, pamzere wa chaka cha 1961, pamene linachotsedwa. Sankafuna china.

Mu 1944 anayamba sukulu ya pulayimale ya mudzi uno, ndipo mu 1954, ali ndi zaka khumi ndi zisanu, anasiya n'kukayamba ntchito pafakitale yosoka malaya kudoko. Masamu ankakhoza kwambiri, koma nthawi imeneyo mwana wamkazi wa munthu wa mumgodi sankafunsidwa zimene akufuna. Pambuyo pake anaphikira ana pasukulu yomweyi kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ambiri mwakhala pano munakula ndi chakudya chawo, ndipo ena munakokedwapo khutu. Ndikukuonani.

Mu 1957 anayamba kuthandiza m'khitchini ya kalabu ya ragibi ya mudzi uno Loweruka lililonse. Achinyamata a lero simungadziwe mmene Chikho cha Chigawo chinkalemekezedwera. Chinayamba mu 1888, chasiliva, cha zigwiriro ziwiri, choti kunyamula kwake n'kwa manja awiri. Midzi makumi atatu ndi iwiri inkalowa mumpikisano, mayina ankatoledwa m'chipewa, ndipo wogonja ankatulukiratu mpaka chaka chamawa. Kufika nthawi imeneyo, nkhondo ziwiri zazikulu zokha ndizo zinali zitauimitsapo. M'zaka zonsezo Skelgarth inali isanachinyamulepo n'kamodzi komwe. M'nyumba ya kalabu munalinso lamulo losalembedwa: amayi sankaloledwa kulowa kubala komwera mowa, abambo sankaponda kukhitchini. Pakati pawo panali kazenera koperekera chakudya basi. Pakazenera pamenepo ndi pamene anaonana ndi bambo Wilfred Mossop, a Wilf, okumba malasha, amene ankabwera kawiri kudzapempha mapayi, timabanzi ta nyama mkati tija, ngati sanalandire.

Pa 28 Malichi 1959 anamanga banja m'tchalitchi muno. Mu Ogasiti 1960 kunabadwa a Lorraine, ndipo mu 1964 kunabadwa a Neil.

Mu Novembala 1960 mgodi unachepetsa masiku a ntchito, m'nyumba muli khanda. A Wilf anakwera basi kupita kutawuni ya kugombe kukayesedwa mu ragibi inayo, ya anthu khumi ndi atatu osati khumi ndi asanu ngati yathuyi, imene osewera ake ankalipidwa. Anasewera tsiku limodzi lokha, dzina lawo osalembedwa paliponse, anawapatsa kenikake ka ulendo, n'kubwerera kwawo. Sizinawasangalatse, ndipo sanapitenso. Koma lamulo la ragibi yathuyi nthawi imeneyo linali louma ngati mwala: wokhudza mpira wolipidwa ngakhale kamodzi ankaletsedwa moyo wake wonse.

Loweruka pa 15 Epulo 1961, Skelgarth inakumana ndi Aldby mundime yomaliza, a Wilf ali kaputeni. Mvula inagwa tsiku lonse, bwalo linali matope okhaokha. Kutatsala mphindi zinayi, a Wilf anadutsa anthu atatu n'kukagwera ndi mpira kuseri kwa mzere, ndipo Skelgarth inapambana 8 kwa 6. Mmodzi mwa atatu anagwetsedwawo anali bambo anga ondibereka. Mpaka tsiku la imfa yawo ankanena kuti Aldby inagonja mwachilungamo, ndipo ine, mwana wa ku Aldby, ndikubwereza pano pamaso panu, ngakhale sizikundikomera.

Mwamwambo, chikho chinkagona kunyumba kwa kaputeni mwezi woyamba, chisanapite kwa wozokota mayina. Masabata atatu asanathe, komiti inalandira kalata yopanda dzina. Amene anailemba sitikumudziwa mpaka lero, ndipo ngati ali moyo, Mulungu amukhululukire, poti malemu sanamukhululukire. Pa 9 Meyi 1961 komiti inagamula kuti a Wilf asadzasewerenso, asadzaphunzitse ana, asadzalowenso m'nyumba ya kalabu ngakhale pachipata cha bwalo. M'buku la mpikisano analembamo kuti chaka chimenecho chikho sichinaperekedwe. Munthu wa zaka makumi awiri ndi zisanu, kumuchita zotero chifukwa cha tsiku limodzi! Zinali nkhanza, ndipo sindikuopa kunena.

Tsiku lotsatira akuluakulu atatu ovala majekete a komiti anafika kudzatenga chikho. Malemu anaima pakhomo, mwana ali m'manja, n'kuwauza kuti, "Lowani mufufuze, abambo, koma mupukute kaye mapazi, ndakolopa." Anafufuza pansi pa bedi, kudenga, m'khola la nkhunda, anakumba m'dimba mpaka kuzula kabichi. Apolisi anabwera. Anthu anavundula dziwe la kumgodi ndi ngowe zachitsulo, n'kupezamo njinga ziwiri. Chikho osaoneka. Mu 1962 komiti inagula china, chimene mukuchidziwachi, chimene malemu ankachitcha kakapu ka tiyi.

Tsopano mayi Joanne Litt, wapampando wa komiti, khalani bwino pampando wanuwo, chifukwa zimene ndinenezi simunazimvepo. Ndapatsidwa chilolezo choziulula lero.

M'mawa wa tsiku limene akuluakulu atatu aja anabwera, iwo asanafike, malemu anakulunga chikho m'majezi amatope, n'kuchiika m'kangolo kokankhira mwana, a Lorraine n'kuwagoneka pamwamba. Anadutsa pakati pa mudzi akupereka moni kwa aliyense, n'kukalowa kukhitchini ya kalabu. Anachiika pansi pa mgolo wa ufa, kuseri kwa mapoto aakulu. Akuluakulu aja anagwedeza nyumba ya kalabu yonse, kubala, kosinthira zovala, ngakhale kosungira malasha, koma atafika pachitseko cha khitchini anangosuzumira n'kufunsa ngati tiyi wapsa. Mwamuna wovala jekete la komiti akalowe kukhitchini kukatani? Chikhocho chakhala mmenemo zaka 63. Akuluakulu a komiti asinthana kambirimbiri, onse akudya mapayi ndi nsawawa pakazenera kaja, akudandaula za chikho chotayika, chikhocho chili mapazi atatu kuchokera pamimba pawo.

Ndipo malemu sanali okha. Mayi aliyense wolowa ntchito m'khitchini muja ankati akatha zaka ziwiri, ankamuonetsa. Epulo aliyense ankatseka kazenera, n'kuchitulutsa, n'kuchipukuta. Amayi oposa makumi anayi adziwa chinsinsi chimenechi, ena anapita nacho kumanda, ndipo palibe n'mmodzi yemwe anatsegula pakamwa. Ndiye wina adzandiuzenso kuti amayi sasunga chinsinsi! Akazi anga enieniwa ndakhala nawo nyumba imodzi zaka 41, ine kumalongolola patebulo kuti chikho chinasungunulidwa kalekale, iwo kumangoti, "Mwina kapena, bambo, idyani chisazizire." Amayi a kukhitchini mwakhala mzere wachiwiriwo, musaweramitse mitu, takuonani.

Kuyambira 1961 mpaka 1993, a Wilf ankaonera mpira ali kunja kwa mpanda, pakona ya kunjanji, kaya kugwe mvula kaya chipale chofewa. Nthawi yopuma malemu ankatuluka ndi kapu ya tiyi, n'kudutsa bwalo lonse anthu akuona, n'kukawapatsira pamwamba pa waya. Mwana wawo Neil anasewera timu yoyamba zaka khumi ndi chimodzi, bambo ake osamuombera m'manja ali mkati n'kamodzi komwe. Za chikho a Wilf sankadziwa, poti malemu ankati nkhope ya amuna awo siidziwa kubisa. Anawauza sabata yomaliza, chifuwa cha fumbi la mumgodi chitawagoneka, ndipo akuti anaseka mpaka anamwino anathamangira. Anamwalira pa 3 Novembala 1993. Patangotha zaka ziwiri, mu 1995, lamulo lija linathetsedwa, aliyense n'kumalipidwa poyera. Tsiku limenelo ndinawaona apongozi anga akulira, ndipo sichinali chisoni, unali mkwiyo.

Kuyambira 1962, Epulo aliyense malemu ankalembera komiti kalata ya mizere inayi, yopempha kuti chaka cha 1961 chibwezedwe kwa eniake. Yankho linkabwera lofanana, lakuti nkhaniyi inatsekedwa. Iwo ankangoti mlandu suwola, n'kudikira Epulo wina. Nthawi yonseyi mpikisanowo unkafooka. Maligi atayamba mu 1987, makalabu aakulu anayamba kutumiza matimu achiwiri. Migodi inatsekedwa, anyamata anasamuka, midzi yolowa inatsika kufika khumi ndi umodzi. Mu 2009 kunayamba chikho cha atsikana, ndipo malemu anakondwa kwambiri kuona mdzukulu wawo Bethany akugwetsa anzake m'matope. Mu 2020 mliri unaimitsa zonse. Chaka chotsatira ena a komiti anaganiza zongouthetsa mpikisanowo. Malemu, ali ndi zaka 82, ndodo m'manja, anakwera basi kupita kumsonkhano osaitanidwa, n'kuwauza kuti, "Ana inu, muthetsa bwanji chinthu musanamalize za 1961? Malizani kaye, ndiye muzitopa." Mpikisano sunathetsedwe, ndipo chaka chino alowa makalabu khumi ndi asanu ndi limodzi.

Ntchito ya kukhitchini anaisiya mu 2019 atagwa n'kuthyoka m'chiuno, koma makiyi sanabweze. Mu Januwale chaka chino mtima unayamba kuvuta, ndipo pa 19 Febuluwale anagonekedwa m'chipatala. Madokotala anatiuza mosabisa kuti masiku atsala ochepa. Iwo chimene ankadandaula n'chakuti Epulo ali kutali, ndiye anaitanitsa pepala n'kulemba kalata ya chaka chino mwezi usanakwane. Ine ndi amene ndinakaiponya, ndipo ndivomere kuti mumtima ndinkati n'kutaya nthawi.

Mayi Litt, amene munasankhidwa chaka chatha, inu simunayankhe ngati anzanu akale. Munatsegula mabuku, munawerenga makalata onse 63, munaitanitsa msonkhano pa 4 Malichi. Pa 7 Malichi kalata yanu inafika, ndipo a Lorraine anaiwerenga pambali pa bedi. Inati komiti yagwirizana kuti opambana Chikho cha Chigawo mu 1961 ndi Skelgarth, kaputeni wake Wilfred Mossop, ndipo ikupepesa kubanja. Malemu anati awerengenso. Atawerenga kachiwiri, malemu anati, "Achedwa, koma afika. Kauzeni amayi achitulutse. Achipukute bwino, tisakachite manyazi." Apa m'pamene ine ndinafunsa kuti atulutse chiyani, chipinda chonse n'kundiseka.

Anamwalira mwamtendere Lachiwiri pa 12 Malichi 2024, ali ndi zaka 85, ana awo onse ali pomwepo.

Malemu asiya ana awiri, a Lorraine ndi a Neil, adzukulu asanu, zidzukulutudzi zitatu, ndi mng'ono wawo mayi Mavis Fearon. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, abusa ndi amayi a mpingo uno, anyamata a timu yoyamba amene anyamula bokosi, ndi anzathu a ku Aldby amene mwabwera basi yathunthu. Likuthokoza mwapadera amayi a kukhitchini, amoyo ndi ogona, komanso inu mayi Litt ndi komiti yanu, poti munachita chilungamo musakudziwa kuti mulandirapo kanthu. Tikachoka kumanda nonse mukuitanidwa kunyumba ya kalabu. Chakudya chilipo chokwanira, ndipo mukatha kudya, amayi adzapereka chikho m'manja mwa komiti. Wozokota wauzidwa kale, ayamba Lolemba, ndipo mzere woyamba kulemba mukuudziwa.

Amayi, apongozi anga, munandinyoza zaka 41 chifukwa cha mudzi wanga, ndipo ndikusowani koopsa. Ntchito munandipatsa ija ndaigwira. Tikukakuikani pambali pa amuna anu, amene anapita ali munthu woletsedwa. Inu mwapita mutamva nkhani yabwino ndi makutu anu, ndiye mukafika musachedwe, mukawauze a Wilf kuti anapambana ndithu, ndipo zalembedwa.

Mzimu wanu uuse mumtendere.