Mzere wa Buledi Mmodzi

Pogulitsira buledi wa sangaki mumzinda wa Isfahan pamakhala mizere iwiri, wa ogula mmodzi ndi wa ogula wambiri. M'mawa wina mzere wa ogula wambiri unafika kumsewu. Bambo wina wonyamula chikwama anaitana mayi wachikulire amene anaima yekha pamzere winawo.

"Amayi, simunamve wailesi? Amereka akuti tikapanda kusiya zanyukiliyazi atiphulitsa. Gulani wambiri mukasunge m'firiji."

"Sangaki wa m'firiji? Ndalakwanji ine?"

"Si zoseka izi. Ndege zawo zayandikira."

"Iwo mabomba ali nawo odzaza nkhokwe, koma akusowa tulo ndi lathu loti silinabadwe n'komwe."

"Komabe, amayi, moyo ndi umodzi."

"Bambo inu, atatitsekera malonda, mankhwala a mtima a amuna anga anasowa mzinda wonse uno. Ndinawaika m'manda popanda ndege kuuluka. Lero andiopseza ndi chiyani?"

"Pepani. Tengani awiri basi, zamawa sizidziwika."

"Awiri? Ndiye kuti ndisamukire pamzere wanu wamanthawo? Ayi! Mmodzi, wotentha, ndipo mawa mundipeza pompano. Akafuna ndidye wogonetsa, abwere adzandiuze pamaso."