Dalton Sapondanso Pansi

Sabata yonseyi anthu akhala akunong'onezana kuti ku Area 11 kukumadutsa bambo wina atabereka mwana waubweya thupi lonse, ndipo ena akuti ndi zokhwimira chuma. Ine zoona zake ndazimva ndi makutu angawa Lachinayi, ndikulukitsa tsitsi pasaluni ya kuseri kwa Msika wa Lilongwe, pomwe anti Eveless, aja ali ndi bizinesi yoyendetsa agalu a mabwana, anakhazika pabenchi alamu awo a Chikaonda, mlonda wakale amene anawalemba ntchito mwezi watha.

"Alamu, mwatchuka," anayamba choncho anti Eveless, manja ali m'chiuno. "Tauni yonse ikukudziwani."

"Zikomo, alamu." A Chikaonda anavula chipewa.

"Sindikukuyamikirani ayi. Ndinakupatsani galu mmodzi yekha, Dalton wa mayi Chitemwa. Ndinati muzitani naye?"

"Munandipatsa pepala." Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa pepala lokulunga mu jumbo. "Zaka makumi awiri za ulonda, ine sindinaphwanyepo lamulo la bwana."

"Werengani, timve nzeruzo."

"Loyamba. Dalton azikhala kunja maola awiri tsiku lililonse. Amakhala. Ndili ndi wotchi."

"Eya."

"Lachiwiri. Asabwere ndi matope kumapazi, m'nyumba muli kapeti yoyera." Anakweza maso. "Alamu, uno ndi mwezi wanji?"

"Januwale."

"Mvula ikugwa kapena sikugwa?"

"Ndiye munaganiza zomubereka ndi chitenje."

"Sindinaganize ine. Pepala ndi limene linaganiza."

Anti Eveless anaomba m'manja kamodzi, pang'onopang'ono. "Ha, koma sukulu ya ulonda. Simukanangomupukuta mapaziwo pofika pageti?"

A Chikaonda anatembenuza pepala, anayang'ana kuseri kwake, analibwezanso. "Zopukuta palibepo apa."

"Mumayembekeza kuti mayi Chitemwa alembe chilichonse?"

"Analemba zisanu. Akanafuna zisanu ndi chimodzi, malo analipo."

Anti amene amandiluka anasiya kukoka tsitsi langa. Ngakhale wailesi winawake anaichepetsa.

"Alamu, galu uja dokotala wa ziweto anati wanenepa kwambiri. N'chifukwa chake mayi Chitemwa anabwera kwa ife. Amafuna ayende, athamange, mafuta asungunuke."

"Lachitatu," anawerenga a Chikaonda. "Asatope mpaka kutulutsa lilime. Tsiku loyamba ndinamuyesa. Kuchoka pageti kufika pamtengo wa mango, lilime lonse panja. Ndinati basi, tisalakwire bwana."

"Galu aliyense amatulutsa lilime. Ndi mmene amapumira."

"Uyu sanatulutsenso. Masabata atatu, lili m'kamwa."

"Mwagwira ntchito yotamandika. Ndiye pasikelo wawonjezera makilo atatu chifukwa chiyani?"

"Aa, amenewo mwina ndi mandasi."

Anti Eveless anakhala pansi. "Mandasi."

"Akakhala kumsana amadandaula, makamaka tikamadutsa pamene amayi amakazinga paja. Mwana akamalira kumsana mumatani inu?"

"Si mwana, alamu. Ndi galu."

"Lachinayi likuti asatole chakudya pansi. Ine ndimamugulira za m'beseni, zovindikira bwinobwino. Ndimamupatsira paphewa apa."

"Angati?"

"Awiri popita. Pobwerera zimatengera mmene wakhalira."

"Ndipo wawonda ndani pamenepa?"

A Chikaonda anakoka lamba wa thalauza, anaonetsa mabowo awiri atsopano oboola ndi msomali. "Ntchito ikuoneka, alamu."

Mtsikana wina pakona anaseka mpaka chipeso chinagwa. Anti Eveless anamuyang'ana diso limodzi, iye n'kuyamba kutsokomola.

"Mukudziwa zimene zachitika m'mawa uno? Mayi Chitemwa amavala chitenje kuti apite kumaliro. Atangowerama kuti amange nsapato, Dalton wanuyo wawalumphira kumsana. Makilo makumi atatu. Agwa chafufumimba pakhonde, pamaso pa dalaivala."

"Anawerama mbali iti?"

"Zili ndi ntchito?"

"Amakwerera kumanzere. Ukawerama bwino sagwetsa munthu. Ndi galu wanzeru, anaphunzira masiku awiri okha."

"Ndiwauza choncho. Ndinena kuti mayi, vuto ndi inu, simudziwa kuwerama."

"Mukawauze mwaulemu."

Anti Eveless anatseka maso, anapuma kaye. Atayambanso kulankhula mawu anali otsika. "Tamverani, alamu. Agalu asanu ndi awiri amene ndimayendetsa, onse ndi a mayi Chitemwa ndi anzawo. A kutchalitchi kwawo, a ku ofesi kwawo ku Kapitolo. Iwo akangoti Eveless ndi wosokoneza, Lolemba ndilibe galu ndi mmodzi yemwe. Ndibwerera kokagulitsa kaunjika. Ayimba foni masana ano kuti andiuze maganizo awo. Ndikufuna ndiwauze kuti mawa Dalton ayenda ndi miyendo yake."

"M'matope?"

"M'matope."

"Ndiye mulembe." Anawapatsa pepala ndi cholembera. "Mufufute lachiwiri, musayinire m'munsimu."

"Sindingafufute lamulo la kasitomala."

"Ndiye ine ndiliphwanye bwanji?"

"Mungogwiritsa ntchito mutu."

"Mutu ndinayesa. Amaterereka. Kumsana ndiye amakhazikika."

"Mayo ine." Anti Eveless anaimirira. "Anthu akuti ndinu mfiti, mukudziwa? Akuti mukubereka ndondocha masanasana."

"Ndondocha yovala lamba wa m'khosi wolembedwa nambala ya foni? Anthu a m'tauni sayang'anitsitsa."

"Basi. Ntchito yatha. Bweretsani chingwe cha galu."

"Lachisanu. Chingwe chisachoke m'manja mwa woyendetsa galu."

"Simulinso woyendetsa galu."

"Mwalemba pati?"

Foni ya anti Eveless inalira. Anayang'ana dzina, nkhope inasintha, mawu n'kukhala a kwaya. "Halo, mayi. Pepani kwambiri za m'mawa zija. Munthuyo ndamuchotsa kale, ali pompano." Anamvetsera. "Ee." Anamvetseranso nthawi yaitali. "Ee, mayi. Onse?" Kenako anatambasula dzanja osayang'ana munthu. "Akufuna inu."

A Chikaonda anaimirira njo ngati ali pageti, foni anaigwira ndi manja awiri. "Wawa, bwana. Ee. Ee, kumanzere. Muziwerama pang'ono chabe. Zikomo, bwana." Anabweza foni, anakhala pansi, anayamba kupinda pepala lawo mosamala.

"Akuti chiyani?" Amene anafunsa ndi anti ondiluka aja.

"Akuti kumaliro kuja anafotokozera anzawo chifukwa chimene akutsimphinira. Anzawowo anafunsa za kapeti. Iwo anati chiyambire kuberekedwa Dalton, sinadepo. Basi, amayi onse akufuna agalu awo aziberekedwa mpaka Epulo. Za kuwonda akuti tidzaziona dzinja likatha."

"Agalu anga," anatero anti Eveless chapansipansi.

"Akuti azilankhula ndi ine mwachindunji, popeza inu mwandichotsa." A Chikaonda anavala chipewa, anayang'ana alamu awo kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno ngati munthu wogula ng'ombe. "Koma msana ndili nawo umodzi, agalu ndi asanu ndi awiri. Lolemba mufike seveni koloko, alamu, ndi chitenje cholimba. Malamulo ndikulemberani papepala."

Anatuluka chingwe chili m'manja. Anti Eveless anatsala chiimire, kenako ndinawaona akugwira m'chiuno mwawo ngati akuyesa ngati mungapirire. Tsitsi langa linatha mopotoka mbali imodzi chifukwa ondiluka ankangoseka, koma sindinadandaule. Tsono inu, mukanakhala anti Eveless, Lolemba m'mawa mukanapita kokasankha kaunjika, kapena mukanawerama chakumanzere?